Tsiku lobadwa la amalume ku Monkey Bay

Pali anthu amene amaseka akamva kuti dziko la Malawi lili ndi asilikali a pamadzi. Amafunsa kuti angalondere chiyani m'dziko lopanda nyanja yamchere. Anthu otere sanakwerepo boti pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma mwezi wa Julayi, mwera utalusa. Amalume anga anathera mphamvu za unyamata wawo pamadzi amenewo ali mu yunifolomu. Choncho atandiimbira kuti akukwanitsa zaka 75 ndipo anzawo a kuntchito adzabwera, sindinazengereze.

Ndinakwera minibasi ku Limbe kusanache bwino. Ku Zomba tinadutsa chipilala chanjerwa cha asilikali a KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, pomwe akuluakulu a dziko amaika nkhata mwezi wa Novembala. Titawoloka Shire pa Liwonde kunayamba kutentha, malambe ndi migwalangwa n'kuyamba kuchuluka, ndipo kuyambira pa Ulongwe paliponse pamene galimoto yaima panali wina wotiloza ndi nsomba pazenera.

Amalume anali atandilamula kuti ndisadutse pa Mangochi osaona mzinga. Uli pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, patsinde pa nsanja yawotchi imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria. Mzingawo unali wa sitima ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, woyendetsa sitimayo, Captain Rhoades, anakaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann pa Sphinxhaven, pomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mjeremani woyendetsa sitima inayo anali asanamve n'komwe kuti kwayamba nkhondo. Ambiri amati kumeneku ndiye kunali kuombera koyamba kwa pamadzi pankhondo yonse ija, ndipo kunachitikira panyanja yathu ino. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira kumpoto mu Julayi 1946, anthu 145 n'kufa. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu. Anyamata a kabaza ankangodutsa osacheuka, ndipo zinandiwawa kuti ifeyo kusukulu tinaloweza nkhondo za ku Ulaya koma izi palibe anatiuza.

Kuchokera pa Mangochi ndi mtunda wa makilomita oposa 60, kudutsa Namiasi ndi Nkopola. Monkey Bay amabisala mpaka utafika. Mapiri amiyala azungulira madzi mbali zonse n'kusiya khomo limodzi, n'chifukwa chake doko la sitima ndi likulu la asilikali a pamadzi zonse zili pamenepa. Ilala inali padoko, anthu akukweza matumba. Sitimayi inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Amalume amaitcha mnzawo wobadwa naye chaka chimodzi, ndipo akamva kulira kwa hutala yake amasiya chilichonse n'kuyang'ana ku doko.

Tsiku lenileni limene anabadwa salidziwa. Agogo ankangonena kuti anabadwa chaka cha njala, 1949, nthawi ya mwera. Atapita kukalembedwa usilikali, kalaliki anafuna tsiku, ndipo pomwepo analemba limene linamubwerera m'mutu. Ndi lomwelo limene lili pachiphaso chawo cha unzika cha 2017. Kumudzi kwathu palibe ankalilabadira. Analisunga ndi anzawo a m'boti.

"Tinatopa n'kukumana pamaliro okhaokha, mphwanga," anatero amalume tikudikira alendo pakhonde. "Munthu umafika, umaona mnzako ali m'bokosi, mawu amene unamusungira umabwerera nawo. Ndiye tinapangana kuti tizionana tikadali ndi makutu."

Anayamba kufika dzuwa lili paliwombo. Wina anachokera ku Nkhotakota atanyamula thumba la mpunga. Wina anayenda usiku wonse kuchokera ku Karonga. Wa ku Nsanje anatsika pa kabaza movutikira, ndodo patsogolo, ndipo amalume anathamangira kukamugwira mkono ngakhale iwo omwe mawondo anawathera. Mtonga, Mnkhonde, Msena, Myao, onse tsitsi lili mbuu. Palibe anatchula mnzake dzina la ubatizo. Kunali "Sajeni, mwafika!" ndi "Kopolo, mimba imeneyi mwaitenga kuti?" ngati kuti anasiyana dzulo paperete.

Chakudya chisanabwere, amene amawatcha Sajeni anatulutsa kope lakale lokutidwa ndi pulasitiki. Onse anaimirira, ngakhale wa ndodo uja. Sajeni anayamba kuitana mayina a anthu amene analowa nawo ntchito. Amene analipo ankayankha mokweza kuti "Ndilipo!" Dzina la wodwala likatchulidwa, wina ankafotokoza mmene anamusiyira. Likatchulidwa la womwalira, onse pamodzi ankati "Anatsogola," kenako mmodzi n'kunena kumene anagona: Chintheche, Malindi, Ntcheu. Mayina oyankhidwa ndi "Anatsogola" anali ambiri kuposa enawo. Palibe analira. Atamaliza anakhala pansi, akazi a amalume n'kubweretsa madzi osamba m'manja, nsima ndi kampango.

Ndinkayembekezera nkhani za mfuti. Zimene ndinamva poyamba zinali za mapilitsi. Uyu kuthamanga kwa magazi, uyo shuga, winayo ng'ala m'diso lakumanja. Ankafunsana mwatsatanetsatane kuti wamwa liti mankhwala, wapita liti kusikelo, ndipo wa ku Karonga anakalipiridwa ndi onse chifukwa chothira mchere wowonjezera pandiwo. Iyeyu anali wa mainjini, ndipo phokoso la zaka zonsezo linamugonthetsa khutu limodzi. Anzake amadziwa mbali yoti akhale akafuna kulankhula naye. Anakambanso za penshoni, mmene yachepera mphamvu chigwereni kwacha mu Novembala 2023, koma sanachedwepo. Wa ku Nsanje anangoti ndalama ya mwezi wonse ikutha pa thumba la feteleza lisanadzaze, enawo n'kuvomera ndi mutu.

Thobwa litazungulira m'pamene nyanja inalowa m'nkhani. Gulu lawo linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndi maboti ochokera kwa Apwitikizi amene nthawiyo ankalamulira Mozambique. Ntchito yambiri, iwo anati, sinali yoombera munthu. Inali yolondera malire, kusaka asodzi amene mphepo yawataya, kukoka mabwato ogubuduka, ndiponso ntchito imene palibe amaifuna, yovuula mitembo kuti abale akaike m'manda. Mphepo amazitchula ngati anthu owadziwa: mwera wochokera kumwera m'miyezi yozizira, mpoto wa nthawi ya dzinja, vuma wochokera kum'mawa. Anatsutsana kwa nthawi yaitali kuti woopsa kwambiri ndi uti, ndipo sanagwirizane.

Kenako wa ku Nkhotakota analoza amalume. "Awa musawaone kukhala phee. Usiku wina injini inatithimira pakati pa nyanja, mwera uli pachimake. Funde linandikokolola ine. Anandigwira kolala ndi dzanja limodzi, linalo atakoleka pachitsulo, mpaka phewa linaguluka. Sanandisiye."

Amalume anangoti, "Munali wopepuka masiku amenewo, achimwene."

Phewa limenelo ndalidziwa moyo wanga wonse. Amalume sakweza dzanja lamanzere kupitirira khutu, ndipo ife ana tinkangoti ndi nyamakazi. Pakhomo sananenepo. Apa m'pamene ndinaona chimene anthuwa amapatsana chimene ife abale sitingawapatse. Ife timawakonda, koma tinawadziwa atakula kale. Timawaona ngati agogo ofunika kuwathandiza kukwera sitepe. Anzawowa akamawayang'ana amaonanso mnyamata wa zaka 25 amene ankadumphira m'madzi usiku osaopa. Pakati pawo palibe amafunika kufotokoza kuti anali ndani. Ndikhulupirira kuti ambiri a ife timalakwa tikamaganiza kuti kutumiza ndalama ya sopo ndi shuga pafoni ndiye kusamala nkhalamba. Ndalama yokwerera basi kukaona mnzawo wakale ndi yofunika chimodzimodzi, ndipo nthawi zina imaposa.

Ananyadiranso achinyamata amene anawasiyira ntchito. Pa madzi osefukira a 2015 ku Nsanje ndi Chikwawa, komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, maboti a asilikali ndi amene ankatsitsa anthu m'mitengo ndi pamadenga. Wa ku Nsanje anati mdzukulu wake anapulumutsidwa ndi boti lotero, ndipo iye anapita kukagwira chanza mnyamata woliyendetsa n'kumuuza kuti chiwongolero chimenecho anachigwirapo kale.

Keke inabwera madzulo, yogulidwa ndi adzukulu, makandulo awiri a manambala ali pamwamba. Amalume anazima ndi mpweya umodzi, anzawo n'kuwomba m'manja kuti mapapo akadalipo. Atafunsidwa kuti zaka 75 zikumveka bwanji, anati thupi limadzuka mochedwa kuposa mwini wake, koma sadandaula, chifukwa ambiri a m'kope lija sanafike n'komwe pa 60. Chimene amaopa si imfa ayi. Amaopa kudzakhala womaliza, woitana mayina popanda woyankha.

Asanabalalike, chipewa cha Sajeni chinazungulira. Aliyense anaponyamo zimene anali nazo, ndipo ndinaona wa ndodo uja akuwerenga kawiri kuti atsale ndi yobwerera. Ndalamazo zinali za mayi wamasiye wa mnzawo amene anatsogola chaka chatha. Amachita zimenezi pa tsiku lobadwa la aliyense. Anapangananso kuti ulendo wotsatira adzakumana ku Nkhotakota mu Disembala, ndipo ine ndinalonjeza kuti ya basi ya amalume ndidzalipira.

Popeza mayiwo amakhala kufupi ndi Ulongwe, envelopu anandipatsira ine. M'mawa mwake ndinatsika pamsika, mnyamata wa njinga n'kundiperekeza mpaka pakhomo. Ndinawapeza akupeta chimanga. Analandira ndi manja awiri, koma sanatsegule. Anayamba kundifunsa mmodzimmodzi kuti kunabwera ndani, Sajeni akuyenda bwanji, wa ku Karonga akumvabe kapena khutu linalo latsekanso. Nditawauza za ku Nkhotakota anati, "Mukawauze amalume anuwo kuti asadzandisiye. Ndidzabwera ndi nkhuku, ndipo dzina la bambo akadzaliitana ndidzayankhe ndine."