Mwana akabwera ndi nzeru za kuyunivesite kudzapempha mpamba

Abale anga a pamsewu, lero sindikubwera ndi mitengo ya mabelo kapena za mzere wa pa Beitbridge. Ambiri muno tikulipirira ana sukulu ndi ndalama za geni yomweyi, ndipo tsiku lina mwanayo adzafika ndi laputopu n'kunena kuti, "Bambo, zimene taphunzira zikhoza kukhala kampani, mundipatseko mpamba." Wanga wayamba kale kuzitchula. N'chifukwa chake ndakhala ndikutsata mbiri ya kampani ina ya ku Switzerland yotchedwa ID Quantique, yomwe inabadwira m'yunivesite ndithu, ndipo makina ake anagwirapo ntchito ku Durban komwe enafe timakwezera katundu.

Kampaniyi inayamba mu 2001. Anaiyambitsa asayansi anayi a ku University of Geneva, pakati pawo pulofesa Nicolas Gisin ndi Grégoire Ribordy, amene anakhala bwana woyendetsa kampaniyo. Chimene ankachidziwa bwino ndi njira yotumizira kiyi wachinsinsi wotsekera uthenga, kudzera m'mawaya a fibre, pogwiritsa ntchito tizidutswa ta kuwala totchedwa ma photon, kamodzikamodzi. Madalaivala mumva msanga: zili ngati seal ya kasitomu pa kontena. Wakuba akhoza kutsegula, koma sangabwezeretse seal mmene inalili. Photon nayonso munthu akangoisuzumira pa njira imasintha, ndiye mbali ziwirizo zimadziwa kuti pali wina akumvetsera, n'kumutaya kiyi uja asanamugwiritse ntchito. Mu 2002 anaonetsa kuti zimatheka pa mtunda wa makilomita 67, kuchokera ku Geneva kukafika ku Lausanne.

Nzeru zinalipo, umboni unalipo. Ogula ndi amene ankasowa. Makinawo anali odula, amafuna waya wakewake, ndipo kuwala kumazimiririka m'waya mtunda ukatalika, moti kupitirira makilomita ngati 100 zinkavuta. Sungakuwonjezere mphamvu panjira monga amachitira ndi intaneti wamba, chifukwa photon siikopeka. Mabanki nawo anali kale ndi maloko awo a masamu amene palibe anali atawathyola. Ndani angagule loko wamtengo wapatali pomwe wakale sanathyokepo?

Apa ndi pamene pandigwira mtima ngati munthu wa geni. Popanga makina aakuluwo, ankafunika kachipangizo kotulutsa manambala osalosereka. Kamagwira ntchito mophweka: photon imaponyedwa pa kagalasi kamene kamalola theka la kuwala kudutsa, theka n'kubwerera. Ikadutsa ndi 1, ikabwerera ndi 0, ndipo palibe munthu kapena kompyuta ingadziwiretu. Anakaika m'kabokosi, n'kukatcha Quantis, n'kuyamba kukagulitsa pakokha. Ogula ena odziwika anali makampani a lotale ndi a juga ya pa intaneti, amene amafunika kutsimikizira boma kuti manambala awo saphikidwa. Ankagulitsanso zida zowerengera ma photon kwa asayansi anzawo. Taganizani, mapulofesa a physics n'kumadya za a juga! Koma ndi zomwe ife timachita: mafiriji ndi mipando zimakhala m'shopu miyezi, pomwe sopo, mafuta ophikira ndi matewera ndi zomwe zimalipira lendi ndi thiransipoti.

Makina aakulu aja anapeza ntchito yomveka mu October 2007, pamene boma la Geneva linawagwiritsa ntchito kuteteza zotsatira za chisankho potumizidwa kuchokera kowerengera mavoti. Werengani zaka: zisanu ndi chimodzi kuchokera pamene kampani inatsegulidwa. Mu 2010, nthawi ya World Cup, gulu la pulofesa Francesco Petruccione wa ku University of KwaZulu-Natal linalumikiza bwalo la Moses Mabhida ndi likulu loyang'anira chitetezo mumzinda wa Durban ndi luso lomweli. Chaka chomwecho asayansi a ku Trondheim, dziko la Norway, anaonetsa kuti akhoza kuwachititsa khungu makinawo powawalitsira kuwala kwamphamvu, n'kuba kiyi osadziwika. Anali atauza kampaniyo asanafalitse nkhaniyo, ndipo inakonza. Ine pamenepa ndinawapatsa ulemu onse awiri, chifukwa kuno wogulitsa ukamuonetsa chilema cha katundu wake, yankho limakhala lakuti "mwaononga nokha."

Ndalama zenizeni zinabwera mochedwa kwambiri. Mu 2018 kampani ya mafoni ya ku South Korea, SK Telecom, inaikamo madola 65 miliyoni. Mu 2020 kachipangizo ka manambala kaja, katachepetsedwa kukhala ka chip, kanalowa mu foni ya Samsung Galaxy A Quantum. Mu 2025 kampani ya ku America ya IonQ inagula masheya ochuluka, n'kukhala mwini wamkulu. Ena adzati anapambana, ndipo n'zoona. Koma onaninso kuti amene anayamba ndi nzeru si amene anatsala ndi chiwongolero. Wobweretsa mpamba waukulu amabwera ndi mpando wake. Amene munalowapo m'mgwirizano wogula thiraki ndi munthu wa thumba lalikulu mukudziwa kuti pamapeto dzina lolembedwa pa chitseko limakhala la ndani.

Ndiye wangayo ndamuuza kuti sindikana, koma ndalama yoodera katundu wa December sindiikhudza. Ndamufunsa zinthu zitatu ndipo ndikudikira mayankho olembedwa. Choyamba, zimene wapangazo ndi zake kapena ndi za yunivesite, popeza zopangidwa ndi zipangizo za sukulu nthawi zambiri sukulu imakhala ndi gawo lake, ndipo ndi bwino kudziwa tisanathire ndalama. Chachiwiri, anditchulire munthu mmodzi, dzina ndi malo, amene wavomera kulipira, osati amene anangoti "n'zabwino kwambiri." Chachitatu ndi cha Quantis: pa zonse akupangazo, kanthu kati kakang'ono kamene angayambe kugulitsa mwezi wamawa pomwe chachikulucho chikudikira ogula. Funso loyamba wapita kukafunsa ku ofesi ya sukulu. Lachitatu akuti ndimupatse masabata awiri.