Nkhalamba ziwiri zikasiyana mawu

Adzukulu anga, ena mwa inu mwayamba kuyenda ndi mafoni kujambula nkhalamba za kuno kwa Chapananga kuti mbiri yathu isatayike. Ntchitoyo ndi yotamandika. Koma ndamva kuti agogo awiri akasimba nkhani imodzi mosiyana, mumasunga imene yakukomerani, inayo n'kufufuta. Apa pokha ndikukana.

Taonani zimene anachita Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anakhala zaka zambiri m'chigwa chino cha Shire. Pofufuza za Mbona, mwini mvula amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, anapeza kuti osimba sankagwirizana pa za chiyambi cha Mbona ngakhalenso pa za amene anachititsa imfa yake. Iye sanaphatikize nkhanizo kuti zikhale imodzi yosalala. M'buku lake lotchedwa River of Blood, la 1992, anaika iliyonse payokha, nafunsa kuti wosimbayo ndi wa mbumba iti, ndipo ali mbali ya mfumu iti. Munthu wa kubwalo la Lundu sangasimbe mofanana ndi wotumikira pakachisi, pakuti aliyense ali ndi chake chimene akutchinjiriza. Kusiyanako ndiko kunamuululira mikangano yakale ya ufumu wa Amang'anja.

Inunso lembani dzina la wosimba, mudzi wake, ndi amene anamuuza nkhaniyo. Ya malire a munda kapena ya kulowa ufumu kaimveninso kwa amayi achikulire. Ife Amang'anja mbumba timaiwerengera kuchikazi, ndipo amayiwo amasunga maina amene abambo pabwalo amawadumpha, mwina mwadala.

Za zaka musavutitse nazo nkhalamba. Mukafunsa kuti chinali chaka chanji, adzangotchula chilichonse kuti mlendo asabwerere chimanjamanja. Funsani ngati zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, kapena ngati abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anali atafika kale. Chakacho mudzachipeza nokha.

Ndipo agogo akakhala chete pakati pa nkhani, musawadule ndi funso lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyamba amakupatsani nkhani ya alendo. Mubwerereko patapita sabata, mutanyamula kamchere ndi sopo, muwamvetsere zimene munajambula zija, muwafunse ngati pali zina zosayenera kutuluka m'banjamo.