Khofi wa m'kansalu: tsiku limodzi m'tinjira ta Bangkok

Masiku awiri oyamba ku Bangkok ndinkangodya masangweji a mu 7-Eleven. Ndisaname, ndinkaopa. Zakudya za m'mbali mwa msewu zinkanunkhira bwino, koma ndinkangoganiza za m'mimba, poti kudwalira kwa eni n'kowawa. Tsiku lachitatu ndinadzifunsa kuti kumudzi ndikasimba chiyani, ndiye ndinalawirira ku Talat Noi.

Ili ndi dera lakale la anthu ochokera ku China, m'mphepete mwa mtsinje wa Chao Phraya. Tinjira take, tomwe eni ake amati soi, n'topapatiza, ndipo pamakomo ambiri paunjikidwa zitsulo za mainjini akale a galimoto. Pakati pa zitsulozo m'pamene ndinapeza agogo ena aakazi ali ndi kangolo ka khofi.

Makina analibe. Anathira khofi m'kansalu kooneka ngati sokosi, n'kutsanuliramo madzi owira, kenako n'kumukhuthulira m'tambula momwe munali kale mkaka wa kondensi. Ameneyu ndi kafae boran, kutanthauza khofi wachikale. Wakuda wothira ayezi amati oliang. Ndinamwera patongko, timandasi tamapasa tosatsekemera kwenikweni. Chizungu agogowo sankachidziwa, ine Chithai ayi ndithu, koma kuloza ndi chala kunatikwanira.

Mantha atachepa, ndinagula moo ping, nyama ya nkhumba yootcha pamakala itabayidwa patimitengo, yodyera mpunga womata wotchedwa khao niao. Kamtengo kamodzi kanali 10 baht. Kanyenya weniweni, kungoti wotsekemerako.

Masana ndinathawira dzuwa m'kashopu ka khofi kamakono, m'nyumba yakale ya makoma osupuka. Khofi wawo anali wochokera ku Doi Chang, kumapiri a Chiang Rai. Kale kumapiri a kumpotoko ankalima mbewu yopangira opium, ndipo kuyambira 1969 ntchito yomwe anayambitsa Mfumu Bhumibol yakhala ikulimbikitsa alimi kudzala mbewu zina, kuphatikizapo khofi. Mnyamata wogulitsayo ankatchula dzina la phirilo monyadira. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa khofi wa ku Mzuzu ndimangomudutsa m'golosale.

Madzulo ndinayenda wapansi mpaka ku Yaowarat, msewu waukulu wa Chinatown, komwe ziwaya zimalilima mpaka usiku. Mayi wina ankasinja som tam mu kamtondo: papaya wosapsa, ndimu, msuzi wa nsomba ndi tsabola. Ndinaiwala kunena kuti "mai phet", kutanthauza kuti asawawe. Abale, ndinalira misozi ngati mwana, mayiwo n'kumaseka uku akundipatsa nkhaka zoziziritsa m'kamwa.

M'mimba simunavute ngakhale pang'ono. Chomwe ndinkachita n'kuima pomwe eni dera afola mzere, n'kusankha chakudya chomwe chikuphikidwa ndikuona. Mukadzapita, mudzatenge ndalama zing'onozing'ono m'thumba, komanso mudzaloweze mawu akuti "wan noi" ngati simukonda shuga wambiri, chifukwa kumeneko dzanja la shuga n'lolemera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinabwerera kwa agogo aja. Ndisanaloze n'komwe, anali atanyamula kale kansalu kawo.