Chimene Bawo Ndi Poker Zinandiphunzitsa Pa Za Chiyambi

Sabata ino ndikufuna ndikusimbireni za masewera awiri komanso za mpamba wanga woyamba, umene ndinautaya m'masiku atatu okha.

Ndinakulira m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, kumene bawo ndi chizolowezi chakale, monga momwe lilili ku Zanzibar, kwawo kwa amalonda achiswahili amene anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840 pansi pa Jumbe Salim bin Abdallah. Mwera ukavuta, asodzi osalowa m'madzi, malume anga ankakhala pamthunzi ndi bawo lawo la maenje 32 ndi njere 64. Poyamba aliyense amakhala ndi njere 12 m'maenje, 20 zotsalazo m'manja, nkumaponya imodziimodzi. Ine ndinkathamangira kudya njere za mnzanga, ndipo kuu, dzenje lija losunga njere zambiri, ndinkalimwaza mwamsanga. Malume ankangoseka, nkunena kuti: "Mphwanga, wadya zinayi, koma taona zimene wasiya poyera." Posakhalitsa mzere wanga wakutsogolo unkakhala mbee.

Nditakula ndinaonera pa foni mpikisano wa makadi wotchedwa World Series of Poker, umene umachitika ku Las Vegas kuyambira mu 1970. Pa mpikisano wake waukulu munthu amalipira madola 10,000 kuti alowe. Mu 2003 Chris Moneymaker, wowerengetsera ndalama wa ku Tennessee, anaposa anzake onse pa anthu 839, nalandira madola 2.5 miliyoni. Mu 2024 olowa anafika 10,112. Osewera amakhala pa matebulo ambirimbiri, aliyense ndi mulu wofanana wa tindalama tapulasitiki. Wothedwa mulu wake amatuluka, matebulo nkumaphatikizidwa mpaka latsala limodzi.

Chimene chinandidabwitsa ndi khalidwe la akatswiri m'maola oyambirira. Pa nthawiyo ndalama yokakamizidwa kuponya imakhala yochepa poyerekeza ndi mulu umene munthu ali nawo, choncho kudikira sikuwononga zambiri. Makadi ambiri amangowabweza osasewera. Maso awo amakhala pa anzawo: ndani waphuma, ndani wamantha, ndani amanamizira. Amakonda kulowa pamene ali omalizira kusankha, ataona kale zimene ena achita. Amadziwa kuti palibe amapambana mpikisano tsiku loyamba, koma ambiri amatuluka tsiku lomwelo. Ndinazindikira kuti ndi zomwe malume ankandiuza pa mchenga paja.

Komabe kumva ndi kuchita ndi zinthu ziwiri. Mayi anga atagulitsa mpunga, anandipatsa mpamba woti ndiyambe geni ya usipa. M'mawa woyamba pa doko ndinaona mabwato a chilimila atadzaza, mtengo utatsika, ndipo ndinagula ndi ndalama zonse. Amayi ena amene akhala pa geniyi zaka zambiri anagula pang'ono, maso ali kumitambo. Masana mvula inayamba, nigwa masiku atatu. Usipa unaolera pa thandala. Tsiku limene dzuwa linawala, anzanga aja anagulanso, ine ndilibe ngakhale yogulira ndowa imodzi. Chimene chinandiwawa koposa ndi kuwauza mayi, amene sanakalipe, koma anangofunsa kuti: "Mwananga, sunasungeko ngakhale pang'ono?"

Sindikukuitanirani ku juga ayi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwayi amasanduka oipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa ena, ndipo amachenjeza kuti chilakolako chake chingathe kumanga munthu ukapolo. Ine ndinatchova juga popanda kugwira khadi.

Ambiri mwa inu mukuyamba chinachake chaka chino: geni, maphunziro, ntchito, kapena chibwenzi. Musanaponye zonse, yambani mwaonetsetsa amene anayamba kale, ndipo siyani kanthu m'manja kodzabwerera nako mawa. Ine ndinayambiranso patapita chaka, ndi ndowa ziwiri zokha, ndipo mpaka lero ndikadali pa dokolo.