Pepala Limene Ndidalisunga Miyezi Isanu

Pali pepala lina limene ndidalisunga miyezi isanu m'kati mwa buku langa la mapemphero. Lidali pepala wamba la kuchipatala, lokhala ndi mizere iŵiri kumunsi kwake, wina wa dokotala, wina wanga. Dokotala adali atasaina kale. Mzere wanga udali woyera, ndipo tsiku la Mulungu lililonse ndinkapita nalo ku Misa ku Maula ndi kubwera nalo kunyumba lili chomwecho. Kusaina pepalalo kudali kuvomera kuti andichotse chiberekero. Mudali mu 2022, ndidali ndi zaka 39, nditakhala m'banja zaka 13, ndipo ndidalibe mwana.

Matenda anga si achilendo pakati pa ife amayi. Ndi zotupa za mnofu zimene zimamera m'chiberekero, madokotala amazitcha mafaibuloidi. Si khansa ayi, ndipo amayi ambiri, makamaka ife akuda, amakhala nazo mpaka kukalamba osadziŵa nkomwe, pakuti mayi akasiya kusamba zotupazo zimafota zokha. Koma zanga zidalibe ulemu umenewo. Mwezi uliwonse ndinkataya magazi masiku khumi kapena kupitirira. Kaŵiri konse ndidaima, ndipo kaŵiri konse ndidapita padera. Mu 2015 adandichita opaleshoni yochotsa zotupa zokhazo, chiberekero nkuchisiya, ndipo adandichenjeza kuti zimatha kumeranso. Ine chenjezolo ndidalimva ndi khutu limodzi. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi zidabwerera, zochuluka kuposa poyamba, mimba yanga nkukula ngati ya miyezi isanu.

Apa ndipo padali chipongwe cha matendaŵa. Ndikapita kumsika waukulu ku Old Town, amayi ogulitsa tomato ankandiyang'ana pamimba namwetulira, ena nkundiwonjezera prize ya anyezi ati ndi ya mlendo akudzayo. Mu minibasi anyamata ankandisiyira mpando wa kutsogolo. Ndinkathokoza, pakuti ndikadayankha chiyani? Ndikafika kunyumba ndinkatseka chitseko ndi kulira.

Tsiku lina ndidagwa pamasitepe kuntchito kwathu ku City Centre. Atandiyeza, mlingo wa magazi anga udali pa 6, pamene mayi wathanzi amayenera kukhala pa 12 kapena kupitirirapo. Adandiwonjezera magazi a anthu amene sindidzawadziŵa, Mulungu awadalitse kumene ali. Pambuyo pake dokotala adakhala nane pansi nandifotokozera mofatsa. Zotupazo zidali zambiri ndiponso zozama, chiberekero chidali ndi zipsera za opaleshoni yoyamba ija, ndipo kuyesanso kuzichotsa imodzi imodzi kukadatha kubweretsa kutaya magazi kosaletseka, mapeto ake nkuchotsabe chiberekero chomwecho mwadzidzidzi. Adati matumba a mazira adzawasiya, motero thupi langa silidzakalamba nthaŵi isanakwane, koma kusamba kudzatha, kubereka nakonso kudzatha. Ndidafunsa funso limodzi lokha: "Nanga mwana, adokotala?" Iwo adayankha kuti sangalumbire kuti nzosatheka, koma kuti mwayi ndi wochepa kwambiri, ndipo kuti mwezi uliwonse umene ndikudikira ndikulipira ndi magazi anga.

Mau akuti "sindingalumbire" ndiwo adandisunga miyezi isanu ija. Munthu wosoŵa mwana safuna chitseko chotsekula, kamng'alu kokha kamamkwanira.

Abale sadakhale chete. Azakhali anga adabwera ndi mizu ya m'botolo imene adagula kwa asing'anga a pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Mnzanga wina adafuna kunditengera kwa mneneri wa mapemphero a usiku wonse. Apongozi anga aakazi, amene ndimawalemekeza mpaka lero, sadanene kanthu pamaso panga, koma mau ali ndi miyendo. Ndidamva kuti adafunsa mwana wawo ngati dzina la bambo ake lidzathera pa iye. Ndidamvanso zimene amayi timanong'onezana kumbuyo kwa tchalitchi, zakuti mkazi wochotsedwa chiberekero salinso mkazi, kuti mwamuna amamfulatira. Dokotala adali atandiuza kuti zimenezo nzabodza, kuti moyo wa m'banja umapitirira monga kale bala likapola, komatu bodza limene walimva kuyambira ku chinamwali silichoka ndi mau a tsiku limodzi. Tinkakhala ku Area 10 m'nyumba ya kuntchito kwa amuna anga, yampanda wautali, ya bwalo lalikulu ndi mitengo ya mango. Kumeneko munthu ukhoza kudwala chaka chathunthu mnansi wako osadziŵa. Ine amene ndidabadwira pa Bottom, pamene lero timati Bwaila, ndi kukulira ku Kawale kumene phokoso la ana limakudzutsa tambala asanalire, bata limenelo linkandilemera ngati mtolo wa nkhuni zaziŵisi.

Ndiulule pano chinthu chimene sindidauzepo anthu ambiri. Pamene ndidapita kukaonana ndi Bambo Mfumu, ndinkafuna kuti andiletse. Ndinkaganiza kuti Mpingo umene umalemekeza kubereka udzandiuza kuti ndi tchimo, ndipo ine ndidzabwerera kwa dokotala nditanyamula yankho la wina, lopanda mlandu pa ine. Sizidatero. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adandifotokozera kuti Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi, m'kalata yomwe ija ya Humanae Vitae ya mu 1968 imene ambiri timangoidziŵa ngati yoletsa njira zolerera, adaphunzitsanso kuti chithandizo chofunika pochiza matenda nchololedwa ngakhale chitabweretsa kusabereka, bola cholinga chikhale kuchiza. Adatinso mu 1993 ofesi ya ku Roma yoona za chiphunzitso cha Mpingo, imene nthaŵi imeneyo inkatsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, idayankha funso la chiberekero lenilenilo: ngati chiberekero chaonongeka kotero kuti chikuika moyo kapena thanzi la mayi pangozi yaikulu, kuchichotsa nkololedwa, chimene sichiloledwa ndi kuchichotsa pofuna kungotseka njira ya mimba. Ndidafunsanso za ukwati wathu, pakuti ndicho chidali pansi pa mtima wanga. Adati malamulo a Mpingo amanena poyera kuti kusabereka sikuletsa ukwati ndipo sikuumasula.

"Tsono ndichite chiyani, Bambo?"

"Mai, Mpingo wakuchotserani mantha a tchimo. Chotsalacho nchanu ndi amuna anu."

Ndidatuluka m'menemo nditakwiya, ndipo ndidakhala chikwiyire masabata aŵiri.

Zaka zonsezo ndinkapemphera pamodzi ndi Sara, Hana ndi Elizabeti. Nkhani zawo ndidaziŵerenga mpaka masamba kuda, ndipo aliyense wondilimbitsa mtima ankanditchulira omwewo: dikirani, nayenso Elizabeti adaona mwana atakalamba. Sindikunyoza chitonthozo chimenecho, chidandinyamula zaka zambiri. Koma usiku wina, ndili maso chifukwa cha kuŵaŵa, ndidatsekula Mthenga Wabwino wa Marko mutu 5, ndipo ndidakumana ndi mayi amene ndinkamlumpha nthaŵi zonse, uja adataya magazi zaka khumi ndi ziŵiri nawononga chuma chake chonse pofuna chithandizo. Ndidaŵerenga kaŵiri kufuna kuona ngati pamapeto pake adalandira mwana. Palibe pamene pakutero. Adalandira kuleka kwa magaziwo, ndipo Ambuye adamlankhula ngati mwana wawo pamaso pa khamu lonse. Ndidakhala pabedipo nthaŵi yaitali. Zaka zonsezi ndinkadziika m'nkhani ya Hana, pamene thupi langa linkakhala m'nkhani ya mayi uyu.

Amuna anga si munthu wolankhulalankhula. Miyezi yonseyo ankangoti, "Chimene mungasankhe, mai, ine ndili nanu," ndipo mau amenewo ankandipsetsa mtima chifukwa ankandisiya ndekha. Madzulo ena tili pakhonde ndidawafunsa mosapita m'mbali ngati sakumfunanso mwana. Adakhala chete mpaka ndidayesa kuti sayankha. Kenaka adati akumfuna, kuti amamfuna tsiku lililonse, kuti pa ubatizo wa ana a anzawo amaima kumbuyo dala. Ndidali ndisanawaonepo akulira. Atapukuta m'maso adati, "Koma tsiku mudagwa lija adandiimbira foni, ndipo pa msewu wonse kuchokera kuntchito sindidaganizeko za mwana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mai." Adalonjeza kuti nkhani ya kwa amayi awo adzaisenza okha pamodzi ndi ankhoswe, ndipo adachitadi zimenezo, ngakhale kuti mpaka lero sadandiuze zonse zimene zidalankhulidwa kumeneko.

Sikuti mau awo achikondi ndiwo adandimasula. Chidandimasula nchakuti adavomera kuti nawonso akutaya kanthu. Maliro a munthu mmodzi ndi olemera. Aŵa adasanduka a anthu aŵiri. M'maŵa mwake ndidatulutsa pepala lija, litapindika ndi kuda m'mbali, ndipo ndidasaina patebulo la kukhitchini, dzanja likunjenjemera.

Opaleshoni idachitikira ku Kamuzu Central Hospital ndipo idayenda bwino. Pabedi loyandikana ndi langa padali mayi wina wa kumudzi, wa ana asanu ndi mmodzi, amene adali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Iye ankapempha kuti amchotse chiberekero, koma matenda adali atafalikira kale. Atamva nkhani yanga adandigwira dzanja nati ndine wamwayi. Ine wopanda mwana, wamwayi! Sindidamtsutse. Malaŵi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri pa dziko lonse, chonsecho kuyezetsa kwake nkosavuta, ndipo kuyambira mu 2019 atsikana aang'ono akulandira katemera woiteteza. Amayi anzanga a m'miphakati, pa zonse zimene ndalemba pano, ichi chokha musachilumphe.

Mphamvu zidabwerera pang'onopang'ono. Lero ndimakwera masitepe aja osapumira panjira, ndimagwada Misa yonse osaona chizungulire, ndipo ndidaiŵala kuŵerenga masiku ndi mantha. Mwana wamkazi wa mng'ono wanga akukhala nafe chifukwa cha sukulu. Amanditcha amayi, monga mwa mwambo wathu ife Acheŵa, pakuti mwana wa mbale wako wamkazi safunsa kuti adatuluka m'mimba iti. Anzanga a mumphakati ayamba kundiitana ndi dzina la mwanayo, amake uje, ndipo ndimavomera ndi mtima wonse. Komabe ndinganame nditati bala lonse lidapola. Usiku wa Pasaka, pamene makanda akubatizidwa, ndimapeza kuti ndaima kumbuyo pafupi ndi amuna anga.

M'sutikesi yanga muli mbereko imene ndidagula pa Malangalanga mu 2010, nditaima koyamba. Mwezi watha mng'ono wanga, amene akuyembekezera wachitatu, adaiona nandipempha. Ndidamuuza kuti adikire pang'ono.