Mudzi Umene Sutchulidwa Pagulu

Malungo akakugwira, anzako amabwera ndi phala ku hositelo, ena mpaka kukulembera manotsi. Koma pali matenda amene ngakhale mnzako wa ponda apa n'pondepo sumuuza, ndipo mudzi ndi amodzi mwa matendawo. Ine ndinachitidwa opaleshoni ya mudzi pa tchuthi, ndipo ndinakachirira kwathu ku Madisi, m'boma la Dowa.

Adokotala anandifotokozera kuti mudzi ndi mitsempha ya magazi imene imatupa kotulukira chimbudzi, makamaka munthu akamadzikakamiza chifukwa chimbudzi chauma. Kwa ine, khungu la pamalopo linali litang'ambikanso, n'chifukwa chake ndinkamva ngati ndikuchekedwa ndi lezala. Opaleshoniyo sinakwane ola limodzi. Anandibaya jakisoni pamsana, ndinachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi, basi. Ntchito yeniyeni inayamba nditafika kunyumba.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali ulendo woyamba wa kuchimbudzi. Anamwino anali atandichenjeza kuti ukamazengereza chifukwa cha mantha, chimbudzi chimaumiratu ndipo ululu umawirikiza. Mankhwala ena opha ululu, monga tramadol, nawonso amaumitsa m'mimba, choncho anandipatsa ena ofewetsa.

Amayi anasiya kukonoletsa chimanga, n'kugayitsa mgaiwa. Ufa woyera umakoma m'maso, koma umakhala utachotsedwa gaga, pomwe gagayo ndi amene amathandiza chakudya kuyenda bwino m'matumbo. Ndiwo zinali nyemba, bonongwe ndi nkhwani wotendera, kenako papaya. Madzi ndinkamwa ngakhale ndilibe ludzu.

Katatu pa tsiku, komanso ndikangochoka kuchimbudzi, ndinkakhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 15. Madziwo amatsuka bala komanso amamasula mnofu umene umakungika ndi ululu. Mlongo wanga wamng'ono ankangoti, "Achimwene, madzi afunda," n'kusiya beseni kubafa osafunsa chilichonse. Ulemu umenewo unandichiritsa ngati mankhwala. Kabaza sindinakwere mwezi wonse. Madzulo ndinkayenda pang'onopang'ono mpaka pa msewu wa M1, n'kubwerera. Ululu unayamba kuchepa patatha masabata awiri, koma bala linapolerathu patadutsa pafupifupi masabata 6.

Ife ophunzira timakhala pampando tsiku lonse, timadya buledi ndi nsima yoyera, madzi timaiwala, ndipo ena timachedwa m'chimbudzi tikusewera ndi foni. Zonsezi zimaitana vutoli. Nthawi zambiri mudzi ukadziwika msanga sufuna mpeni. Kusintha kadyedwe ndi mankhwala zimakwanira. Komanso si magazi onse otuluka ndi chimbudzi amene ali a mudzi. Ena amakhala chizindikiro cha matenda aakulu, monga khansa ya m'matumbo, ndipo wongosiyanitsa ndi dokotala yekha. Ukaona magazi, pita kuchipatala sabata yomweyo. Amene ukamupeze kumeneko anaona kale ambiri onga iwe, ndipo sakakuseka.