ZA KULOWA M'NYUMBA ISANATHE

Ndifuna kukuuzani za mlandu umene unabuka pakhomo panga kuno ku Mgona m'caka ca 2024, pakati pa ine ndi mwana wa mlongo wanga. Ciyambi cace cinali masewera a pa kompyuta, cinthu cimene ambiri a inu muciyesa cacibwana, ndipo inenso ndinaciyesa cotero. Koma mlanduwo unafika pa cilonda canga cimene ndinali kubisa, ndipo cifukwa cace ndaulemba.

Kwa inu amene simunafike ku Lilongwe, Mgona ndi mudzi waukuru wa anthu a maganyu ndi a timalonda, pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Nyumba zace ziri zothithikana, ndipo msika wace udziwika ndi malonda a mtedza. Mlongo wanga atamwalira, mwana wace wamwamuna anadza kukhala ndi ine, pakuti mwa mwambo wathu mbumba ndi ya malume. Mnyamatayo anaphunzira kukonza mafoni, napeza kabenchi kace kumsika, ndipo ndi phindu la nchito yace anagula kompyuta yakutha ya m'manja.

Usiku wina m'mwezi wa May ndinamva kupfuula m'cipinda cace. Polowa ndinapeza anyamata anai ataunjikana pa mphasa, maso ao onse pa kompyutayo, monga nkhuku pa lipande. Ndinafunsa kuti kwagwanji, ndipo mwanayo anati, "Amalume, pepani phokoso. Atulutsa Hades waciwiri."

Ndiyenera kukufotokozerani cinthuco monga anandifotokozera ine. M'caka ca 1980 ophunzira awiri a ku California, Michael Toy ndi Glenn Wichman, anapanga masewera dzina lace Rogue, ndipo masewera onse otsata mkhalidwe wace awanena kuti roguelike. Mkhalidwewo ndi uwu: munthu amene ulikumyendetsa pa kompyuta akaphedwa, ubwerera pomwe unayambira, monga wogonja pa bawo abwezera timiyala m'maenje nayambanso, koma pano njira ndi adani zisinthika ulendo uli wonse, kotero kuti sungathe kuloweza pamtima. Hades II ndi mmodzi wa masewera otere. Anampanga amisiri a Supergiant Games, kagulu kakang'ono ka mumzinda wa San Francisco. Nkhani yace anaitenga ku nthano zakale za Agriki: mwana wamkazi dzina lace Melinoë alimbana ndi Chronos, amene analanda nyumba ya atate wace.

Pano mkuru wina wa mpingo adzafunsa, Nanga milungu yacilendoyo? Inde, alimo Zeus ndi Hermes, omwe aja anthu a ku Lustra anayesa Barnaba ndi Paulo, monga muwerenga pa Macitidwe 14. Alimonso mphika wa matsenga, umene ine sindinakondwere nao, ndipo ndinamuuza mwanayo poyera. Iye aziyesa nthano, zonga za Kalulu ndi Fisi, ndipo sindinamuone alikupembedza kanthu. Koma mkwiyo wanga wa usiku uja sunali pamenepo ai.

Cimene cinandipsetsa mtima ndi ici. Masewerawo anawatulutsa pa 6 May 2024 asanathe kuwapanga. Mathero a nkhani panalibe, ndi nkhope za anthu ena m'menemo zinali zisanajambulidwe. Ndipo eni ace sanabise, ananena okha kuti nchito ikali mkati, koma wofuna agule tsopano, naasewere, nawauze zolakwika. Kagulitsidwe kotere akanena m'Cingerezi kuti Early Access. Mtengo wace unali ngati madola 30 a ku America. Ndipo mukumbuke kuti m'November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, kotero kuti madola 30 anali ndarama zogulira ufa wa banja masabata angapo. Mwanayo anatumiza ndarama kwa mnzace wa ku Johannesburg, ndipo iyeyo anamgulira. Ndinati, "Iwe, kodi unaonapo munthu wogula dengu loluka theka? Ndarama zako waponya m'madzi."

Tsono ndiulule cilonda cija. M'caka ca 2019 ndinagula kamalo m'mphepete mwa Mgona momwemuno, ndi kuumba njerwa, ndi kumanga makoma a zipinda zinai. Pofika pa denga ndinapatsa mmisiri wina ndarama zonse za malata ndi mitengo nchito isanayambe. Iye anafolera zipinda ziwiri, nanena kuti apita ku maliro kwao, ndipo kufikira lero sindinamuonenso. Tsiku lomwelo ndinalumbira mumtima zinthu ziwiri: kuti sindidzalipiranso kanthu kasanathe, ndi kuti sindidzagona m'nyumbayo kufikira itatha yonse. Zaka zisanu ndinalipira lendi m'nyumba ya eni, pamene yanga inali kumera udzu ndi kugonamo mbuzi. Mkazi wanga anandidandaulira kawirikawiri kuti tikalowe m'zipinda ziwirizo, koma ndinakana, pakuti ndinakumbuka munthu uja wa pa Luka 14 amene anayamba nsanja nalephera kuitsiriza, ndipo anthu anamseka. Ndinaopa kusekedwa, ine mkuru wa mpingo.

M'mawa mwace mwanayo anakhala pansi pakhonde, nandionetsa pa foni yace zimene osewera a m'maiko ambiri anali kunena, namasulira m'cinenero cathu. M'masiku oyambawo anthu oposa 100,000 anali kusewera nthawi imodzi pa msika wa masewera wa pa intaneti dzina lace Steam. Ocuruka anayamika, nati cinthu cosatsirizikaci ciri kale ndi zambiri koposa ciyambi cija cathunthu. Ena anakana ndithu kucikhudza, nati adzalindira kufikira citatha, kuti angaononge kukoma kwa nkhani, monga munthu wokana kulawa ndiwo zikali pamoto. Pakumva awa ndinati, Amenewo ndiwo abale anga, anthu anzeru.

Koma amene anandidabwitsa ndi odandaula. Pakati pa nkhondo zace Melinoë atola zinthu zakuthandiza nazo paulendo wotsata, ndipo ali nazo zipangizo zace: fosholo yokumbira mbeu, citsulo coswera miyala, mbedza ya nsomba. Poyamba amisiri analamula kuti anyamule cipangizo cimodzi cokha ulendo umodzi. Kotero munthu afika pa dziwe la nsomba ali ndi fosholo m'manja, napitirira wopanda kanthu. Mlimi ali yense adziwa kuwawa kwace, kupita kumunda ndi khasu ndi kupeza kuti nchito ya lero ifuna nkhwangwa. Anthu anadandaula kwambiri za ici, ndiponso kuti mtsikanayo sathamanga mofewa monga mlongo wace Zagreus wa m'masewera oyamba. Ndipo taonani, mwezi womwewo usanathe amisiri anasintha zonse ziwiri. Anyamata a pakhomo panga anakondwa monga kuti kalata yao yayankhidwa ku Boma, ngakhale iwo sanalembe kanthu. Ndipo mmodzi wa iwo, wokonda makani, anati tsopano apeputsa dala, kale kunali bwino. Anthu otere ali mu mpingo uli wonse.

Ndinafunsa mwanayo, "Nanga akadathawa nazo ndarama zako?" Iye anati, "Amalume, nyumba yao yoyamba ndinaiona." Pakuti Hades woyamba anamgulitsanso cotero asanathe m'December 2018, namtsiriza m'September 2020, ndipo m'caka ca 2021 analandira mphotho ya Hugo, imene kale inali ya olemba nthano ndi opanga mafilimu. Mkazi wanga anali pomwepo kusankha mtedza m'licero, ndipo osakweza maso anati, "Nanga inu abambo, mmisiri wanu uja munamuonera nyumba iti?" Sindinayankhe. Munthuyo ndinakomana naye pamsika, ndipo ndinamsankha cifukwa mtengo wace unali wotsika. Sindinafunse mudzi wace, kapena kupita kukaona denga limodzi limene anakhoma.

Musayese kuti mantha anga anali opanda pace. Alipo masewera amene anagulitsidwa cotero, eni ace natenga ndarama, naleka nchito pakati. Ndipo eni msika wa Steam acenjeza okha ogula kuti masewera otere kapena adzasinthika kapena iai, kotero munthu asagule ngati sakondwera nao monga ali lero. Amisiri othawa ali ku America monga ali ku Mgona. Koma ndinaona kuti lumbiro langa linamanga pamodzi zinthu ziwiri zosiyana. Kusamala amene umpatsa ndarama ndi nzeru, ndipo pamenepo mwana anandiposa. Kukana kulowa m'nyumba yako cifukwa sinathe, cimeneco cinali kunyada kwanga cabe, ndipo wopindula nako anali mwini nyumba ya lendi.

Sindinasinthe msanga, munthu wamkuru sabvomera pamaso pa mwana tsiku lomwelo. Koma m'mwezi wa August, osanena zambiri, ndinabwereka ngolo, ndipo tinasamuka. Mazenera tinatseka ndi njerwa zouma ndi masaka. Ine ndi mkazi wanga tinatenga cipinda cimodzi, mwana ndi katundu cinzace. Ndinalindira kuseka kwa anansi, koma sikunadze; ndipo poyang'ana bwino ndinaona kuti ambiri a iwo akhala cimodzimodzi, wina wopanda citseko ca mkati, wina makoma osazira, ali yense kuonjezera pamene apeza kangacepe. Zaka zisanu ndinadutsa pa nyumba zimenezi osaziona.

Mvula yoyamba inatiphunzitsa zimene sindikadadziwa ndiri kutali. Madzi onse ocokera kumtunda anathamangira pa khomo la cipinda cimene ndinati cidzakhala cophikira, nadzaza m'menemo kufikira m'akakolo. Ndikadatsiriza nyumba ndi simenti monga ndinafunira, ndikadagumula khoma ndi misozi. Mkazi wanga anasanduka wodandaula wamkuru: khomo ili lisunthe, zenera ilo licepa, utsi ubwerera m'nyumba mphepo ikacokera kum'mawa. Poyamba mau ace anandilasa, pakuti nyumbayo ndinailinganiza ndine. Koma iye ndiye amene anali kuphika m'menemo, ndipo pa zitatuzo ziwiri ananena zoona. Za zenera tikali kutsutsana.

Amisiri a ku San Francisco aja anaonjezera zigawo zatsopano m'October 2024, ndi m'February ndi m'June 2025, ndipo pa 25 September 2025 anatulutsa masewera athunthu. Anyamata anasonkhananso pa mphasa, ndipo magetsi atazima pakati pa nkhondo yotsiriza kunamveka kubuula monga pa maliro. Koma ngakhale pamenepo madandaulo sanathe, pakuti ambiri sanakondwere ndi mathero a nkhani, ndipo patapita masabata owerengeka amisiri anawakonzanso. Mwanayo ati atsopanowo ali bwino. Mnzace wa makani ati akale ndiwo anali oona.

Cipinda cacitatu tinafolera citapita cirimwe, ndi mmisiri wa mu mpingo wathu amene ndinayamba ndaona madenga ace atatu; ndipo malata anai mwa amenewo anagula ndi mwana wa mlongo wanga, ndi ndarama za pa kabenchi kace. Cacinai cikali capululu kufikira lero. Mkazi wanga anabzalamo maungu ndi mpiru, popeza mbuzi sizilowamo, ndipo wandiuza kuti ndisafulumire ndi denga lace asanakolole.